Utoto wa Zikhadabo Ukakana Kuyandama pa Madzi

Ena mwa amai ndi atsikana amene amakongoletsa anzao zikhadabo pa nthawi ya maukwati ayamba kuyesa luso lojambula maluwa pamwamba pa madzi. Iwo amadontheza utoto wa zikhadabo, umene ambiri amaucha Cutex, m'kapu ya madzi, dontho pakati pa dontho linzake, kufikira pataoneka mizere yozungulira ya mitundu iwiri kapena itatu. Atatero amakoka mizereyo ndi singano kapena munga, nabviika cala kuti maluwawo amamatire pa cikhadabo.

Kujambula pa madzi ndi luso lakale. Ku Japan anali kukongoletsa nalo mapepala zaka zoposa 800 zapitazo, ndipo m'caka ca 2014 bungwe la UNESCO linalemba luso lotere la ku Turkey, lochedwa ebru, pa mndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa. Koma pa cikhadabo nchitoyi ndi yobvuta, ndipo botolo logulidwa ndi ndalama za nshawa lingathe osakongoletsa ngakhale cala cimodzi. Kawirikawiri colakwa sicikhala dzanja iai, koma madzi, utoto kapena mphepo.

Bvuto loyamba ndi lakuti dontho limamira. Izi zimacitika likagwa kucokera patali, motero burashi iyenera kukhala pafupifupi sentimita 1 pamwamba pa madzi. Utoto wakale umene wayamba kulimba umamiranso, ndipo ndi bwino kuusungira kupaka kwa masiku onse.

Laciwiri ndi dontho lokana kumwazika. Madzi ozizira, monga a m'mawa m'miyezi ya June ndi July, amaumitsa utoto usanatambasuke. Madzi otungidwa dzulo, amene agona m'nyumba, ndiwo abwino. Madzi amcere a m'zitsime zina amabvutanso, koma a mvula osefedwa pa nsalu yoyera amathandiza. Kapu isakhale ndi sopo kapena mafuta.

Lacitatu ndi utoto wouma maluwa asanajambulidwe. Mu utotowo muli mankhwala amene amauluka msanga nasiya kakhungu kopyapyala. Mphepo ndi kutentha kwa October zimafulumiza zimenezi. Wanzeru amakhala pakhonde lobisika ku mphepo, amatsegula mabotolo onse asanayambe, ndipo amamaliza mphindi imodzi isanathe. Pokoka mizere amayambira pa mzere wacitatu, pakuti wakunja umakhala utauma kale.

Kuti mitundu iwale, cikhadabo ciyambe capakidwa utoto woyera ndi kuuma. Khungu lozungulira lipakidwe Vaseline. Cala cilowe m'madzi mopendeka kuti mpweya usatsekeredwe ndi kusiya timabowo, ndipo utoto wotsala pamwamba ucotsedwe ndi kamtengo cala cisanatuluke.

Pali ngozi imene banja lililonse liyenera kuidziwa. Utoto umenewu, pamodzi ndi mankhwala oucotsera ochedwa acetone, umagwira moto mosabvuta. Nchitoyi isacitikire pafupi ndi mbaula, kandulo kapena nyali ya parafini, makamaka m'nyumba ya udzu, ndiponso isacitikire m'cipinda cotseka cifukwa fungo lake limapweteketsa mutu. Kapuyo isamwerenso munthu, ndipo madzi ake atayidwe kutali ndi citsime, ana ndi nkhuku.

Wophunzira ayambe ndi mitundu iwiri ndi cala cimodzi, pakuti akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.