Kodi mumadziwa? Foni siinaphe wailesi

Kodi mumadziwa kuti wailesi ya MBC inayamba mu 1964, koma dziko la Malawi linadikira mpaka 1999 kuti likhale ndi kanema wakewake? Zodiak inatsegulidwa ku Lilongwe mu 2005. Lero ena akuti intaneti ikwirira zonsezi, koma amene wafika ku Mpingu, m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, angakayike. Mafoni ambiri a mabatani amagwira FM osadya bandulo, ndipo batire lake limakhalitsa, nkhani yaikulu m'midzi yopanda magetsi momwe kutchaja n'kolipira. Wailesi imalankhulanso Chichewa kwa mlimi amene sadziwa kuwerenga, manja ali pa khasu.

Wina anganene kuti achinyamata a ku Nsaru ndi ku Namitete ali pa WhatsApp ndi TikTok. N'zoona, komatu nkhani zambiri zimene amatumizirana zimachokera kwa atolankhani a Zodiak, Times kapena Nation; mphekesera ikabuka, anthu amadikira kuti wailesi itsimikize. Chodetsa nkhawa chenicheni ndi ndalama. Otsatsa malonda akamathamangira ku Facebook, nyumba zoulutsira mawu zimatsala opanda cholipirira mtolankhani woti akwere kabaza kukafunsa chifukwa chake feteleza wachedwa ku Kabudula. Foni imafalitsa nkhani mwachangu, koma siipita kukaifufuza, ndipo Facebook siilemba ntchito mtolankhani ku Nambuma.