Malamulo a Chitetezo pa Mitu ya Sitima Yoyendetsedwa ndi Wailesi ku United States

M'mabwalo a njanji a ku United States, momwe mabogi a katundu amalumikizidwa ndi kulekanitsidwa malinga ndi komwe akupita, mitu yambiri ya sitima imayenda popanda munthu m'chipinda cha woyendetsa. Woiwongolera amaima pansi kapena kukwera pa bogi atavala kabokosi pachifuwa, ndipo kabokosiko kamalankhula pa wailesi ndi kompyuta ya m'mutu wa sitima, yomwe imasintha liwiro ndi kumanga mabuleki. Njirayi inayamba kukhazikika ku Canada, kenako inafalikira m'makampani akuluakulu a njanji a ku United States kuyambira mu 2002.

Woyang'anira chitetezo pa njanji m'dzikolo ndi bungwe la boma la Federal Railroad Administration, lomwe mu 2001 linangopereka malangizo osakakamiza, ngakhale kuti linaumirira kuti aliyense wogwira kabokosi akhale ndi chiphaso pansi pa malamulo okhudza oyendetsa sitima. Malamulo okakamiza a kapangidwe ka zipangizozi anabwera mu 2012. Mwa zina amafuna kuti mabuleki azimanga okha ngati kulumikizana kwa wailesi kwaduka, kapena ngati kabokosi kapendekeka kwambiri, chomwe ndi chizindikiro chakuti mwiniwake wagwa.

Komabe makina amenewa saona chimene chili kutsogolo kwa sitima, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Lamulo la mu 2008 limafuna kuti mabogi akamakankhidwa pakhale munthu wotsimikiza ndi maso ake, kapena ndi chipangizo chovomerezeka monga kamera, kuti njanji ndi yopanda chotchinga. Lamulo lomwelo limalola kampani kupatula chigawo cha bwalo chimene wina aliyense saloledwa kulowamo popanda chilolezo, ndipo m'chigawo chotero mutu wa sitima ungathe kutsogola popanda woyang'ana kutsogolo, malinga njanjiyo yayamba yaonedwa kuti ilibe kanthu. Chitetezo chotere chimadalira kuti uthenga ufike kwa aliyense wogwira ntchito pabwalopo, kuphatikizapo okonza mabogi amene amadutsa pakati pa njanji usana ndi usiku. Mu Seputembala 2023 mmodzi wa okonza mabogi anafa atagundidwa ndi mutu wa sitima woterewu pabwalo la ku Walbridge m'chigawo cha Ohio.

Nkhani ya chiwerengero cha antchito ikadali yotsalira m'mbuyo. Anthu awiri okhala ndi timabokosi angathe kumapatsana ulamuliro wa sitima, wina ali kumutu wina kumchira, kotero kuti woona bwino ndiye amayendetsa. Koma munthu akakhala yekha amayenera kusintha mphambano za njanji, kulumikiza mabogi, kuyankha wailesi ndi kuyendetsa sitima pa nthawi imodzi, ntchito yomwe ndi yochulukira maso awiri. Lamulo la mu Epulo 2024, lomwe linakhazikitsa kuti sitima zambiri ziziyenda ndi antchito osachepera awiri, silikhudza sitima zoyendetsedwa ndi kabokosi, choncho chiwerengero cha antchito m'mabwalowa chimatsalira kwambiri m'manja mwa makampani ndi mapangano awo ndi mabungwe a antchito monga SMART-TD.