Pabalaza pathu: zamakono zisapirikitse zamakolo

Tsiku lina m'nyengo yachisanu tidacheza pakhomo pena kufupi ndi Bolero, m'boma la Rumphi. Mwini nyumbayo, mlimi wa fodya wolimbikira kwambiri, adali atangomaliza kukonza pabalaza ndi ndalama zochokera kumsika wa fodya wa ku Mzuzu. Pansi adayala matailosi onyezimira, pakhoma adapachika wailesi yakanema yaikulu, ndipo mipando ya sofa idali ikadali m'mapulasitiki ake. Tidayamikira ndi mtima wonse, pakuti thukuta la mnzathu likabala zipatso n'koyenera kukondwera naye.

Tili mkati mocheza, mudalowa mayi a bamboyo, gogo wa imvi zambiri. Adavula nsapato pakhomo, nayang'ana uku ndi uku ngati mlendo, kenaka adakhala pansi pafupi ndi chitseko, pamatailosi ozizira aja. Mwana wawo adawadandaulira kuti: "Amama, khalani pampando apa." Gogoyo adangomwetulira nati: "Iyayi adada, ndingakudetsereni."

Potuluka tidaona mpando wa mlombwa uli kuseri kwa khitchini, nkhuku ikuikira mazira pansi pake. Tidamva kuti udali wa malemu bambo a mwini nyumbayo, ndipo amene adaupanga ndi mmisiri wina amene adaphunzira ntchito ku Khondowe. Kuyambira tsiku limenelo funso lakhala likutisautsa mumtima: kodi pokongoletsa nyumba zathu, n'chiyani chimene tikulowetsa, nanga ndani amene tikumutulutsa?

Okondedwa awerengi, nkhani yosakaniza zakale ndi zatsopano m'nyumba siyachilendo m'boma la Rumphi. Mbiri ya ku Nkhamanga imatiuza kuti m'zaka za m'ma 1700 Mlowoka ndi anzake adawoloka nyanja atasenza makasu, nsalu ndi mikanda. Anthu adalandira katunduyo, koma sadataye miphika ndi mphasa zawo. Ufumu wa Chikulamayembe udamera pamenepo, ndipo mwambo wa Gonapamuhanya umene umachitika ku Bolero umatikumbutsa mbiri imeneyi. Makolo athu ankadziwa kuti mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, komanso ankadziwa kuti kalumoko sikalanda malo a mwini mudzi.

Chitsanzo china chili pamwamba pa phiri, ku Khondowe. Mishoni ya Livingstonia idayambira ku Cape Maclear mu 1875, idasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo mu 1894 Dr Robert Laws adaikhazikitsa pamalo pamene ili lero. Munthu akakwera kuchokera ku Chitimba kudzera mumsewu wa Gorodi, wa makhotolo 20 aja, amafika pamudzi wa nyumba za njerwa zofiira, za makonde aakulu. Mamangidwe ake adachokera ku Scotland, koma dothi, miyala ndi manja amene adagwira ntchitoyo n'zakonkuno. Sukulu ya Overtoun Institution inkaphunzitsa uphunzitsi ndi ubusa, komanso ukalipentala, kumanga ndi kusindikiza mabuku. Anyamata amene adaphunzira kugwira puleni ndi sowo kumeneko adabwerera m'midzi mwawo, ndipo matebulo, mipando ndi mabokosi amene adapanga akadalipo m'makomo ena mpaka lero.

Nyumba yotchuka ya Stone House, imene idamangidwa mu 1903 ndipo Dr Laws adakhalamo, tsopano imasunga zinthu zakale komanso imalandira alendo. M'menemo muli mipando ndi ziwiya zimene zadutsa zaka 100, koma alendo ochokera kutali amalipira ndalama kuti akazione. Nawonso a mishoniwo sadakane zatsopano za m'nthawi yawo: pofika 1905 ku Khondowe kunkayaka magetsi opangidwa ndi mphamvu ya madzi, pomwe matauni ambiri ankadalirabe nyali. M'tchalitchi chachikulu muli zenera la magalasi amitundumitundu, luso la ku Ulaya, koma chithunzi chake chikuonetsa David Livingstone ndi anzake aulendo, nyanja yathu ili kumbuyo kwawo. Mu 2003 Sinodi ya Livingstonia idatsegula yunivesite pamalo omwewo, ndipo lero ophunzira amagwiritsa ntchito makompyuta m'makoma amene adamanga agogo awo.

Tisabise, si zonse zimene zidayenda bwino. Ena mwa amishoni ankanyoza zinthu zamakolo, ndipo m'mitima ya anthu ambiri mudalowa maganizo akuti chinthu chilichonse chochokera kunja n'chachitukuko, pomwe chakwathu n'chauchimidzi. Matenda amenewa sadathe. Ndi omwewo amene amatichititsa manyazi kuika mtsuko pabalaza, koma tikaupeza mtsuko womwewo m'malo ogona alendo a ku Nyika kapena m'mbali mwa nyanja, timasilira kuti eni ake amadziwa kukongoletsa.

Lero katundu watsopano amafika mosavuta. Ena amagula pamsika wa Taifa ku Mzuzu, ena amawolokera ku Kyela m'dziko la Tanzania, ndipo ena amatumiziridwa ndi ana awo amene ali ku Joni. Zithunzi za nyumba zokongola timaziona pa Facebook ndi pa WhatsApp tili m'munda. Palibe cholakwa ndi zimenezi. Magetsi a sola athandiza ana kuwerenga usiku, matailosi savuta kukolopa, ndipo sofa ndi yabwino kwa msana wotopa. Vuto limabwera pamene tisesa zonse zakale kuti pabalaza pathu pafanane ndi chithunzi cha nyumba ya munthu amene sitimudziwa, wokhala m'dziko la nyengo ina ndi chikhalidwe china.

Tsono tingasakanize bwanji mwanzeru? Choyamba, tisankhe mitundu iwiri kapena itatu yokha imene ilamulire chipindacho. Khoma likakhala loyera kapena la mtundu wosawala kwambiri, limagwirizana bwino ndi kufiirira kwa mlombwa, mtundu wa mphasa ndi kuda kwa mphika. Chitenje chimodzi chosankhidwa bwino chingathe kusokedwa kukhala zovundikira makushoni, ndipo sofa ya ku Joni imayamba kuoneka yapakhomo.

Chachiwiri, m'chipinda mukhale chinthu chimodzi chimene maso ayambire kugwerapo. Chingakhale mpando wa agogo, bokosi la ukwati la amayi, kapena chithunzi cha banja. Zinthu zikachulukitsa, zimaphana kukongola. Ambiri a ife tadzaza makabati ndi makapu ndi mbale zimene sitidadyerepo chigulireni, maluwa apulasitiki pangodya iliyonse, ndi makalendala a zaka zitatu pakhoma limodzi. Malichero atatu oluka bwino, opachikidwa motalikirana, amakongoletsa khoma kuposa zonsezi.

Chachitatu, chinthu chilichonse chigwire ntchito yake. Ku Livingstonia, ku Phoka ndi kufupi ndi Nyika kumazizira kwambiri mu June ndi July. Matailosi opanda choyala amazunza mapazi a ana ndi okalamba, koma mphasa kapena mkeka pamwamba pake zimathetsa vutoli pamtengo wochepa. Kuchigwa cha Henga ndi kunyanja, kumene kumatentha mu October, mtsuko wadothi umaziziritsa madzi ngakhale magetsi atazima, chifukwa timadzi timene timatuluka m'mbali mwake tikamauma timachotsa kutentha. Makatani olemera amene amatseka mawindo tsiku lonse amabisa kuwala ndi mpweya zimene tidalandira kwaulere.

Chachinayi, tisanataye chakale tiyambe tafunsa kalipentala. Mpando wa mlombwa kapena mbawa umangofuna kupalidwa ndi sandipepala, kumangidwa molumikizira ndi kupakidwa vanishi. Mitengo imeneyi imatenga zaka zambiri kuti ikule, ndipo ikusowa m'nkhalango zathu, choncho kukonza mpando wakale n'kupulumutsa mtengo wina. Mipando ndi makabati ambiri otsika mtengo amasiku ano amapangidwa ndi matabwa oumbidwa ndi utuchi, amene amafufuma akangokhudza madzi. Zansungwi ndi zamlaza tiziziyanika padzuwa nthawi ndi nthawi kuti zisafumbwe, ndipo zamatabwa zisagunde khoma lonyowa kuopa chiswe. Potero timapatsanso ntchito mmisiri wa pa Rumphi boma ndi mayi woluka mphasa wa m'mudzi mwathu.

Pali mbali inanso imene sitiyenera kuilambalala, ndiyo ngongole. Ndalama za fodya ndi khofi zimabwera kamodzi pachaka, koma fizi ya ana, feteleza ndi matenda sizidikira. Taona mabanja akutenga katapila kapena kukongola kubanki m'khonde pofuna kuti pabalaza pawo papose pa mnansi, mapeto ake mipando yomweyo n'kulandidwa dzuwa likuswa mtengo. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kusakaniza zakale ndi zatsopano kumapatsa banja mpata wogula pang'onopang'ono, chimodzi chaka chino, china chaka chamawa, popanda kugona ndi nkhawa.

Pabwalo la Stone House pali chikumbutso chimene tikufuna titsirize nacho. Mu 1959, pa nthawi ya chipwirikiti, boma la atsamunda lidatumiza ndege kukaponya uthenga wofunsa ngati azungu a pamishoni akufuna kuchotsedwa pamalopo. Iwo adakana kusiyana ndi abale awo akuda, ndipo adayankha polemba pansi ndi zilembo zikuluzikulu kuti woyendetsa ndege awerenge: Aefeso 2:14, ndime yokamba za kugwetsedwa kwa khoma la udani. Nafe tingathe kumanga khoma lotere m'nyumba zathu popanda njerwa ngakhale imodzi, pamene pabalaza pasanduka malo oopsa kwa agogo, kwa ana ndi kwa mbale wochokera kumudzi.

Sabata ino, tikabwera kotamanda Chauta, tiyeni tiime pakhomo la pabalaza pathu ngati alendo, tidzifunse mafunso. Kodi apongozi atafika lero akhala momasuka? Kodi ana athu angaloze chinthu chimodzi n'kunena kuti ichi chidali cha agogo? Kodi zimene zili m'chipindamu tidamaliza kulipira? Ngati kuseri kwa khitchini kuli mpando umene nkhuku zikuikirapo mazira, tiutenge, tiupukute, tiuike pafupi ndi sofa ija. Tichotsenso mapulasitiki, ndipo gogo akafika tiwagwire dzanja n'kuwakhazika pamenepo.