Mwana wa sickle cell saonedwa ndi dokotala mmodzi

Khanda likamatupa timanja ndi timapazi, maso n'kumachita chikasu, magazi n'kumangolithera, kumudzi anthu sachedwa kuloza chala agogo ake. Kawirikawiri imakhala sickle cell, nthenda imene mwana amatengera kwa bambo ndi mayi omwe. Makolo onse awiri akakhala ndi mbewu yake, ngakhale iwo asakudwala, mimba iliyonse ili ndi mpata umodzi mwa inayi wobereka mwana wodwala.

Ulendo umayambira pachipatala chaching'ono cha kwanu. Kumeneko amakulemberani kalata yopita kuchipatala cha paboma, ndipo nacho chikaona kuti vutolo n'lofuna akatswiri chimakutumizani ku chimodzi mwa zipatala zikuluzikulu zinayi: Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu ku Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu.

Mukafika mupeza gulu. A kulabu ndiwo amayeza magazi n'kutsimikiza nthendayo. Dokotala wa ana, kapena katswiri wa matenda a magazi, amasankha mankhwala: penicillin woteteza ku tizilombo, folic acid, oteteza malungo, ndi hydroxyurea amene amachepetsa kuphwanya kwa mafupa kuja kumene kumam'liritsa mwana usiku wonse. Hydroxyurea amafuna kuti magazi aziyezedwa pafupipafupi, n'chifukwa chake tsiku la kiliniki si lodumpha ngakhale mwana akusewera bwinobwino. Anamwino amakuphunzitsani kupapasa kapamba kumanzere, mmunsi mwa nthiti, kuti mudziwe kapambayo akayamba kukula. Ku Kamuzu, ntchito yosula ogwira ntchito oterewa imathandizidwa ndi Global HOPE ya chipatala cha Texas Children's.

Pali ena amene simudzawaona mu wodi. Maselo ofiira a munthu wabwinobwino amakhala masiku 120, koma a mwana uyu amafa pasanathe masiku 20. Mwanayo akafooka amafunika kumuthira magazi, ndipo magaziwo amachokera ku Malawi Blood Transfusion Service, imene imawatolera kwa anthu ongodzipereka, ambiri mwa iwo ana asukulu. Sukulu zikatsekera, magazi amasowa.

Kwa ine, wofunika kwambiri m'gulu lonseli ndi gadiyani wosunga buku la kuchipatala. Madokotala amasinthana, anamwino amasamutsidwa, koma bukulo limakumbukira zonse. Likulungeni mu pulasitiki lisanyowe. Ndipo mwana akatentha thupi, musayambe mwayesa Panado kuti muone mawa. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, buku lili m'manja.