MCHENGA WOUMA USAKUNYENGENI POMANGA BALANI

Alimi a fodya a kwa Chisemphere ndi madera ena a Kasungu, ambiri a inu mumamanga mabalani ndi mashedi m'chilimwe, pamene nthaka ili gwa, khasu likuchita kudumpha. Tsono mumati pano mpolimba. Koma mvula ya Disembala ndi Januwale ikakhathamira pansi, khoma lija limang'aluka, chitseko n'kuyamba kukana kutseka.

Chifukwa chake n'chotani? Nthaka yathu ya mchenga ili ndi timipata tambirimbiri m'kati mwake. Timchenga timagwirana ndi kadongo kochepa kwambiri, kamene kamauma ngati ulimbo. Kadongoka kakanyowa kamafewa, timchenga n'kugwera m'timipata tija chifukwa cha kulemera kwa njerwa. Nthaka imatitimira mwadzidzidzi, ndiponso osati mofanana: mbali imene madzi afika ndiyo imatsika, ina n'kutsala.

Balani long'aluka limataya kutentha. Nkhuni zimatha zambiri, tsamba siliuma bwino, ndipo mtengo wake ku okushoni ya ku Chinkhoma umatsika.

YESANI NTHAKA MUSANAMANGE

Kumbani dzenje lakuya mita imodzi, ndipo sungani dothi lonse pambali. Libwezereni pang'onopang'ono mukuthira madzi ndi kutsendera. Dothi likatha dzenje lisanadzaze, dziwani kuti nthakayo ndi yotitimira. Tenganinso chibuma chouma cha m'dzenjemo, muchiike m'mbale ya madzi. Chikasungunuka nthawi yomweyo, chenjerani.

ZOYENERA KUCHITA

1. Sankhani malo okwera. Pewani m'mphepete mwa dambo, pa nkhuti yakale ndi pamene munazula chitsa.

2. Kumbani ngalande ya maziko yotakata kuposa khoma, mpaka mufike pa dothi lolimba.

3. Ngati mchenga ukupitirira, thirani madzi ambiri m'ngalandemo ndi kusinja pansi pake. Pobwezera dothi musapyole masentimita 15 musanasinjenso. Kuli bwino nthaka ititimire lero kusiyana ndi kudzatitimira fodya ali m'kati.

4. Denga litulukire kunja kuti madzi agwere patali ndi khoma.

5. Undani dothi m'mbali mwa khoma kuti likhale lotsetsereka, ndipo kumtunda kumbani ngalande yopatutsa madzi.

Ngati balani lanu lang'aluka kale, musathamangire kumata mng'aluwo. Yambani mwaona kumene madzi akulowera ndi kutsekako. Pamene pakuvutani funsani mlangizi wa kwanuko mvula isanayambe.