Kompyuta Ikagwa, Umboni Wake Usadulidwe Mwakachetechete

Pa 19 July 2024, makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni anagwa chifukwa cha pulogalamu yolakwika ya kampani ya CrowdStrike, ndipo ndege zambiri sizinanyamuke. Pa ngozi zotere akatswiri amathamangira crash dump, fayilo yosunga zomwe zinali mu memory panthawi imene kernel, mtima wa pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse, inagwa. Fayiloyo ikakhala yopereŵera, kafukufuku amasokera. Koma kupereŵera pakokha si mlandu waukulu. Choopsa n'chakuti fayilo yodulidwa izioneka ngati yathunthu.

Tione mmene Linux, pulogalamu ina yoyendetsa makompyuta, imachitira. Kuyambira 2005 ili ndi njira yotchedwa kdump. Kompyuta ikamayaka imapatula kagawo ka memory n'kusungamo kernel yachiŵiri, ndipo yoyambayo ikagwa, yachiŵiriyo imadzuka n'kukopera zonse zomwe inzake yasiya. Zokoperazo ndi mulu wa manambala basi, choncho kernel imasiyiratu kakalata kolondolera kotchedwa VMCOREINFO, kokhala ndi mizere ngati PAGESIZE=4096, komwe pulogalamu ya makedumpfile imaŵerenga kuti idziŵe chili pati n'chiyani. Kakalatako kali ndi malire: pa makompyuta ambiri konse sikangapitirire mabayiti 4096, ndipo mzere uliwonse umayamba walembedwa mu buffer, kamalo kosungira kanthaŵi, ka mabayiti 80 okha. Tiyerekeze kuti malo athera pakati pa mzere uja, n'kutsala PAGESIZE=40. Palibe chimene chaphulika. Zili ngati nambala ya foni yosoŵa manambala aŵiri omaliza: poiona ndi nambala ndithu, mumadzadziŵa tsiku la mavuto mukuimba. Pulogalamu yoŵerengayo ikhoza kukana fayiloyo, zomwe n'zabwinoko, kapena kukhulupirira 40 uja n'kumasulira zolakwika.

Gwero la zolakwika zotere nthaŵi zambiri lili m'zida za chinenero cha makompyuta cha C. Chida cha snprintf chimadula mawu akachuluka, koma nambala yomwe chimabweza ndi ya utali womwe chikanalemba malo akanakwanira, osati womwe chalembadi. Wolemba pulogalamu akaiŵala zimenezi amaŵerengera malo omwe kulibe. N'chifukwa chake kernel ili ndi scnprintf, yomwe imanena zolembedwa zenizeni. Nayo strlcpy inali ndi khalidwe lomwelo ndipo inachotsedwa mu Linux 6.8 mu 2024; m'malo mwake muli strscpy, imene imabweza chizindikiro cha vuto, -E2BIG, ikadula kanthu.

Wina anganene kuti bwanji osangokulitsa buffer nkhani n'kutha. Nthaŵi zina n'zoyeneradi, koma malire amangosunthira patsogolo, ndipo mizere imawonjezeka kernel ikamakula. Kupempha memory yatsopano ngozi itachitika n'kosadalirika, poti gawo logaŵa memory likhoza kukhala lomwe lawonongeka. Malo opatuliratu nawo amalandidwa ku ntchito za tsiku ndi tsiku, ndipo eni makina ambirimbiri salola kuwatayira zosachitikachitika. Malire adzakhalapobe, ndiye chofunika n'chakuti pulogalamu izidziŵa ikafika pamalirepo.

Enanso amati vuto losoŵa chonchi silifunika kutayirapo nthaŵi. Apa m'pomwe sindivomereza. Pali zolakwika zina za kernel zomwe zimaoneka mwa apo ndi apo, ndipo palibe amene angazichititse dala kuti azifufuzenso. Fayilo ya tsiku limenelo ikawonongeka, mwayi wapita mpaka makina adzagwenso, mwina ali a banki kapena chipatala. Kukonza kwake sikudula n'komwe. Opanga Linux anawonjezera mizere yoŵerengeka yochititsa kernel kulemba chenjezo VMCOREINFO ikadzaza. Popeza pafupifupi kakalata konseko kamalembedwa kompyuta ikamayaka, chenjezolo limatuluka makina adakali bwinobwino, pamene katswiri angathe kuchotsa mizere yosafunika kapena kukulitsa malo.