Milatho ya Oyenda Pansi ku Chipoka

Kulimba kwa mlatho ku Chipoka kumaoneka m'dzinja, madzi akamatsika kumapiri kuthamangira kunyanja. Milatho ya pamsewu wa M5 ili m'manja mwa Roads Authority, koma tinjira ta m'midzi, momwe mumadutsa ana asukulu ndi amayi osenza usipa, timayang'aniridwa ndi Khonsolo ya Salima.

Ulalo wa kumudzi nthawi zambiri ndi mitengo yogoneka pakhwawa, pamwamba atakhomapo matabwa. Chiswe chimaudya m'kati, kunja ukuoneka bwinobwino. Madzi amakokolola dothi lomwe lagwira mitengoyo, ndipo thabwa lonyowa limaterera, makamaka kwa wokankha njinga ya kabaza. Chofunika kwambiri, chomwenso chimasowa kawirikawiri, ndi chogwirira m'mbali.

Pempho la mlatho limayambira kukomiti ya chitukuko ya m'mudzi, lipite kukomiti ya chitukuko ya m'dera (ADC), kenako kukhonsolo. Ndalama zimachokera ku District Development Fund kapena ku CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu lomwe linayamba mu 2006. Ndalama zomwe khonsolo imatolera pa ziphaso ndi m'misika n'zochepa, sizingamange mlatho wakonkire. Vuto lina n'lakuti kumanga chatsopano kumakoma pandale kuposa kukonza chakale, choncho thabwa lothyoka limadikira nthawi yaitali.